GALU WAMNG'ONO WOWETERA ZIWETO AKAMAVUTA, MPATSENI NTCHITO

Alimi ambiri olembetsedwa ndiponso matenanti a m'maesiteti amasunga ziweto pambali pa ulimi wa mbewu. Ena ali ndi ng'ombe zapagoli zokokera ngolo, ena ali ndi timbuzi tingapo tothandiza pa nthawi ya mavuto. Pakhomo pamene pali ziweto kawirikawiri pamakhalanso galu. Agalu ena amene alimi amalandira kwa eni maesiteti kapena kugula m'tauni ali ndi magazi a agalu owetera nkhosa ndi ng'ombe a kumaiko akunja.

Dandaulo limene ife alangizi timalimva poyendera minda ndi lakuti galu wotere akafika miyezi 5 kapena 6 sakhalanso malo amodzi. Amapirikitsa nkhuku, amazungulira mbuzi, amaluma ana ku zidendene, amathamangira njinga ndiponso amakumba m'mabedi a nazale. Mwini wake amamumenya, kenaka amamumanga pa unyolo, ndipo mapeto ake galuyo amapha mbuzi ya mnansi. Apo mlandu wafika kwa amfumu, chindapusa chaperekedwa, ndipo galu amene akadathandiza pakhomo zaka khumi waphedwa. Zonsezi zingapeweke ngati mlimi adziwa chimene chikumuvuta galu wake.

GALU WOTERE ANACHOKERA KUTI?

Agalu owetera ziweto anasankhidwa dala ndi abusa kwa zaka zambiri, monga momwe akatswiri amasankhira mbewu yabwino. Mtundu wotchuka kwambiri ndi Border Collie wa kumalire a Scotland ndi England. Kumapiri a kumeneko m'busa mmodzi ndi galu wake amatha kusonkhanitsa nkhosa mazanamazana. Mpikisano woyamba wotchuka wa agalu owetera nkhosa unachitika ku Bala, m'dziko la Wales, m'chaka cha 1873. Mtundu wina ndi German Shepherd, amene ena amamutcha Alsatian. Bungwe losunga mtundu umenewu linayambitsidwa ku Germany ndi Max von Stephanitz m'chaka cha 1899. Ngakhale kuno timamudziwa ngati galu wa apolisi ndi alonda, chiyambi chake ndi kubusa kwa nkhosa. Ku Australia kuli Australian Cattle Dog, amene amayendetsa ng'ombe poziluma pang'ono ku miyendo yam'mbuyo.

Kuweta kwa galu kunachokera ku kusaka. Chilombo chikamasaka chimayamba ndi kuyang'anitsitsa nyama, kenaka chimaiwenda, chimaithamangitsa, chimaigwira ndi mano, nkuipha. Abusa anasankha agalu amene amachita zinthu zitatu zoyambazo mwamphamvu koma osafika pogwira ndi kupha. Nchifukwa chake galu wa mtundu umenewu akaona chinthu chikuyenda, thupi lake lonse limafuna kuchitsekera kutsogolo ndi kuchibweza. Iye sasiyanitsa nkhosa, mwana wa sukulu ndi njinga. Akasowa ziweto zoti awete, amadzipezera yekha ntchito, ndipo ntchito yodzipezera yekhayo ndiyo imabweretsa milandu.

Dziwaninso ichi. Galu wotchedwa Old Hemp, amene anabadwa m'chaka cha 1893 ku Northumberland kwa m'busa wotchedwa Adam Telfer, ndiye kholo la agalu ambiri a Border Collie a masiku ano. Galu ameneyu anatchuka chifukwa chogwira ntchito mwakachetechete, ndipo nkhosa zinkamumvera popanda phokoso. Tsono galu wabwino wa kubusa ndi wofatsa. Wanu naye angathe kufatsa mukamuphunzitsa. Malangizo ali m'munsiwa ndi othandizanso kwa agalu athu achikuda amene amapita kubusa ndi anyamata.

MSINKHU WOVUTA

Galu amavuta kwambiri kuyambira miyezi 6 kufikira chaka ndi theka. Pa msinkhu umenewu thupi lakula ndipo mano okhalitsa amera onse, koma nzeru zikadali za mwana. Akatswiri a pa Newcastle University ku England anafalitsa zofufuza zawo m'chaka cha 2020. Anapeza kuti agalu a miyezi 8 ankanyozera lamulo la owasamala kuposa pamene anali ndi miyezi 5, ndipo kuti pofika miyezi 12 ankayambanso kumvera bwino. Choncho galu wanu akayamba kuchita ngati waiwala zonse zimene munamuphunzitsa, musafulumire kunena kuti ndi wachabechabe. Ali pa unyamata. Nthawi imeneyi imapita.

KODI SI CHIWEWE?

Musanachite china chilichonse, tsimikizani kuti galu wanu sakudwala. Galu wa mphamvu zambiri amadya bwino, amamwa madzi, amakudziwani, ndipo khalidwe lake lakula naye pang'onopang'ono. Galu wachiwewe amasintha mwadzidzidzi. Amatuluka dovu, amalephera kumeza, mawu ake amasasa, amaluma chilichonse ngakhale mitengo ndi miyala, kenaka amafa ziwalo. Zizindikiro zikayamba, amafa pasanathe masiku 10. Galu wotere musamugwire. Mutsekereni ngati nkotheka, chotsani ana, ndipo dziwitsani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Mbayitseni galu wanu katemera wa chiwewe akakwana miyezi 3, ndipo muzipita naye chaka chilichonse alangizi a ziweto akalengeza za katemera m'dera lanu. Sungani chiphaso chake pamodzi ndi mapepala anu a ulimi. Munthu akalumidwa ndi galu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nkupita naye kuchipatala msanga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, kuphatikizapo ana ambiri.

ZINTHU ZITATU ZIMENE ZIMAONJEZA VUTO

1. Ndodo. Galu akathamangitsa nkhuku, inu nkumuitana, iye nkubwera, inu nkumukwapula, chimene waphunzira ndi chakuti kubwera kwa mbuye wake kumapweteka. Mawa mukamuitana adzathawa. Akatswiri a pa yunivesite ya Porto ku Portugal anapeza m'chaka cha 2020 kuti agalu ophunzitsidwa ndi ukali ndi zilango amaonetsa mantha ndi nkhawa zambiri kuposa ophunzitsidwa ndi mphotho. Galu wamantha ndiye amaluma.

2. Unyolo wa tsiku lonse. Galu womangidwa pamtengo kuyambira m'mawa mpaka usiku amangoonerera nkhuku, ana ndi njinga zikudutsa, iye osazifika. Mtima wofuna kuthamangitsa umangokulirakulira. Tsiku limene unyolo waduka ndilo tsiku limene mbuzi imafa.

3. Kumutopetsa ndi liwiro lokha. Ena amati galu wovuta amangofunika kuthamanga, choncho amamusiya azitsatira njinga mtunda wautali. Galu wa mtundu umenewu analengedwa kuti azithamanga tsiku lonse. Mukamuthamangitsa kwambiri mukungomulimbitsa, ndipo mawa adzafuna mtunda woposa wa lero. Komanso mafupa a galu wosakwana chaka akadali anthete, sayenera kuyenda ulendo wautali pa msewu wouma. Chimene chimamutopetsa bwino ndi ntchito yogwiritsa mutu.

MAWU ANAYI OYENERA KUWADZIWA

M'mera mpoyamba. Yambani kuphunzitsa galu akangofika pakhomo, ngakhale ali ndi miyezi iwiri. Sankhani munthu mmodzi wamkulu kuti akhale mphunzitsi wake. Banja lonse ligwirizane mawu oti lizigwiritsa ntchito, chifukwa bambo akamati "bwera", mayi nkumati "tiye kuno", mwana nkumaimba mluzu, galu amasokonezeka.

Phunzitsani kwa mphindi 5 zokha, katatu pa tsiku, galu asanadye. Ikani m'thumba tizidutswa ta mkute kapena usipa. Mphotho iperekedwe nthawi yomweyo galu akachita bwino, chifukwa mukachedwa sadziwa chimene mukumuyamikira.

"BWERA." Yambirani pabwalo popanda zosokoneza. Tchulani dzina lake kamodzi, nenani "bwera", ndipo akafika mpatseni usipa nkumusisita. Musamuitane pofuna kumulanga, ngakhale atalakwa motani.

"GONA." Ikani chakudya pamphuno pake, nkuchitsitsa pang'onopang'ono mpaka pansi pakati pa miyendo yake yakutsogolo. Chifuwa chikafika pansi, nenani "gona" nkumupatsa. Pakapita masiku, muzidikira pang'ono musanamupatse, kenaka muzitalikira phazi limodzi, awiri, mpaka azigona inu muli patali. Mawu amenewa ndiwo mabuleki a galu wa kubusa. Galu wopanda mabuleki sayenera kufika pafupi ndi ziweto.

"LEKA." Fumbatani chakudya m'manja. Galu adzanunkhiza, adzanyambita, adzakanda. Inu khalani chete. Akangochotsa mphuno, nenani "leka" ndipo mpatseni chakudya china chochokera m'dzanja linalo. Motero amaphunzira kuti kusiya chinthu kumapindulitsa.

"BASI." Awa ndi mawu otsekera ntchito kapena masewera. Mukanena "basi", tembenukani nkuchokapo, ndipo musayambirenso ngakhale akuchondererani. Galu wodziwa kuti ntchito ili ndi mapeto savuta kupuma.

Lankhulani motsitsa. Mukamakuwa ndi kugwedeza manja, galu amaganiza kuti nanunso mwalowa m'masewera.

KUMUPHUNZITSA KUPUMA

Alimi ambiri sadziwa kuti kupuma nakonso kumaphunzitsidwa. Mwana wa galu amafunika kugona maola pafupifupi 18 pa tsiku. Galu wosagona mokwanira amachita ngati mwana wa munthu amene tulo tamupitirira: amalira, amadumpha, amaluma. Pakhomo pamene pali ana ambiri omuseweretsa tsiku lonse, galu sapeza mpata wogona.

Mmangireni kakhola ka mitengo kapena nsungwi pamthunzi, kuseri kwa nyumba, kumene sangaone msewu kapena khola la mbuzi. Mukhale thumba la chiguduli logonapo ndi madzi abwino. Muzimupatsira chakudya m'menemo kuti azikakonda. Akamaliza ntchito ya m'mawa alowe apume, makamaka masana dzuwa likaswa mtengo. Galu satuluka thukuta ngati munthu, amadziziziritsa ndi wefuwefu, choncho m'miyezi ya Okotobala ndi Novembala muzimugwiritsa ntchito m'mamawa ndi madzulo okha.

Mukamuona wagona phee payekha, pitani mwakachetechete nkumuikira kachakudya pakati pa miyendo yake. Ambiri timamuyang'ana galu pokhapokha akalakwa, ndiye amaphunzira kuti njira yopezera maso a mbuye wake ndi kuvuta.

Mpatseni ntchito ya mphuno. M'malo moika chakudya chonse m'mbale, mwazani china pa udzu kuti azifunafuna. Kununkhiza kumamutopetsa ndi kumukhazika mtima pansi. Mpatseninso chotafuna, monga chikopa chouma kapena fupa lalikulu laliwisi la ng'ombe limene sangalimeze. Musamupatse zitsononkho, chifukwa akameza chidutswa chimatseka matumbo, ndiponso musamupatse mafupa ophika a nkhuku, chifukwa amasweka nkumubaya.

Tsiku lake liziyenda mofanana: kuyenda ndi kuphunzira m'mawa, chakudya, kupuma, ntchito ina madzulo, chakudya, kugona. Galu wodziwa chimene chikubwera sakhala ndi phuma.

KUPITA NAYE KU ZIWETO

Lamulo lalikulu ndi ili: galu wamng'ono asapite ku ziweto yekha. Kuthamangitsa nkokoma kwa iye kuposa nyama, ndipo ulendo uliwonse umene wathamangitsa mbuzi popanda womuletsa, chizolowezi chimazika mizu. Mbuzi ndi nkhosa za bere zikathamangitsidwa zimatha kutaya bere, ndipo ng'ombe zapagoli zikadzidzimuka zingathe kugwetsa ngolo.

Akadali wamng'ono, muzimuyendetsa pa chingwe pafupi ndi khola kuti azolowere fungo ndi kulira kwa ziweto. Akaziyang'ana nkukhala chete, mpatseni mphotho. Akayamba kukoka chingwe ndi kuuwa, mwayandikira kwambiri. Bwererani m'mbuyo mpaka pamene angathe kukumverani.

Ntchito yeniyeni iyambe akafika miyezi 10 kapena 12, ndipo pokhapokha ngati amamvera "gona" ndi "bwera" ali patali. Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, mutakolola chimanga ndi kugulitsa fodya. Nthawi imeneyo minda ili pululu, choncho ziweto zikabalalika palibe mbewu za munthu zoti zionongeke, ndipo inu muli ndi mpata. Musadikire dzinja, pamene manja onse ali kumunda ndipo mbuzi imodzi yolowa m'chimanga cha mnansi ndi mlandu. Tsatani izi:

(a) Sankhani nkhosa kapena mbuzi zazikulu 4 kapena 5 zofatsa. Musayambire pa ng'ombe ya mwana, tonde wolusa kapena tiana ta mbuzi. Galu wamng'ono akagundidwa ndi nyanga kapena kumenyedwa ndi chiboda angathe kuopa ziweto moyo wake wonse, kapena kuyamba kuziluma mwaukali.

(b) Mmangeni chingwe chachitali cha mamita 8 kapena 10, ndipo musachitaye.

(c) Imani mbali ina ya ziweto, galu akhale mbali inayo. Galu wa magazi a Collie amafuna yekha kuzungulira nkubweretsa ziweto kwa mbuye wake. Inu muziyenda chafutambuyo pang'onopang'ono, iye azizitsata m'mbuyo.

(d) Akayandikira kwambiri kapena akafuna kuluma, nenani "gona". Akagona, dikirani ziweto zidekhe, nkumulola ayambenso. Apa mphotho yake si usipa ayi. Mphotho ndi kuloledwa kubwerera ku ziweto.

(e) Lekezani pa mphindi 10, pamene zinthu zikuyenda bwino. Nenani "basi" nkuchoka naye.

Chingwe muchichotse pakapita milungu ingapo, mukaona kuti amagona nthawi iliyonse imene mwamuuza. Mnyamata wa kubusa asamutenge galu mpaka nayenso ataphunzira mawu anayi aja, ndipo mumuletse kumutuma akalulu, mbewa kapena agalu anzake. Galu sangakhale wa uzimba ndi wa kubusa nthawi imodzi.

ANA NDI NJINGA

Ana akamathamanga ndi kukuwa, galu amawaona ngati nkhosa zothawa. Aphunzitseni kuti galu akawathamangira aziima chilili ngati mtengo, manja atapinda pachifuwa, osakuwa ndiponso osamuyang'ana m'maso. Chinthu chikaima, chilakolako cha galu chimatha. Nthawi imene ana akupita ndi kuchokera kusukulu, galu akhale m'kakhola kake. Mwana wokwawa asasiyidwe yekha ndi galu aliyense, ngakhale wofatsa.

Za njinga, khalani naye pa chingwe chapatali ndi msewu. Njinga ikamabwera muuzeni "gona", ikadutsa iye ali pansi mpatseni mphotho. Muziyandikira msewu pang'onopang'ono pa masiku angapo.

CHAKUDYA NDI NGOZI ZA PAMUNDA

Galu wanjala sangaleke nkhuku ndi mazira. Nsima yokha siyokwanira kwa galu amene akukula. Phikani phala la mgaiwa kapena madeya, nkusakanizamo usipa, soya wophika bwino kapena zotsala za nyama. Wosakwana miyezi 6 adye katatu pa tsiku, wamkulu adye kawiri. Njoka zam'mimba, utitiri ndi nkhupakupa nazo zimamusowetsa mtendere. Mpatseni mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse, ndipo funsani mlangizi wa ziweto za mankhwala a nkhupakupa oyenera agalu. Musamusambitse ndi mankhwala a dibi ya ng'ombe osafunsa, chifukwa mlingo wa ng'ombe ungathe kumupha. Ngati simufuna kuti abereke, kambiranani ndi mlangizi yemweyo za kumufula. Kufula kumachepetsa kuyendayenda kotsata agalu aakazi, koma sikulowa m'malo mwa maphunziro.

Galu wachidwi amatafuna chilichonse. Fodya ali ndi chikonga, chimene ndi poizoni kwa agalu. Galu wodya masamba amatuluka dovu, amasanza, amanjenjemera, ndipo wamng'ono angathe kufa. Musamulole kugona m'chigafa kapena m'nyumba yosankhiramo fodya. Pamenepo mukutetezanso fodya wanu, chifukwa ubweya ndi zinyalala zikapezeka m'belo, belo limabwezedwa kumsika. Mankhwala a mbozi, a makoswe, a m'nkhokwe ndi feteleza zikhale pamwamba kapena m'chipinda chotseka. Nazale yanu itchingidwe ndi mpanda, chifukwa dothi lofewa ndi lonyowa la m'mabedi limamukopa galu kukumba ndi kugonapo.

MAWU KWA MATENANTI

Pa esiteti nyumba zimakhala zoyandikana, ndipo nkhuku, ana ndi minda ya anthu ambiri zili pamodzi. Musanatenge galu, funsani a kapitawo kapena a manijala ngati malamulo a pamalopo amalola. Dzifunseninso nokha ngati mungapeze chakudya chake m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ufa umachepa ndipo ntchito yothyola ndi kusoka fodya imakusungani kuchigafa mpaka usiku. Ngati mulibe ziweto ndipo mulibe mpata wa theka la ola tsiku lililonse, galu wa mtundu wowetera ziweto si wanu. Chindapusa cha mbuzi ya mnzanu chidzachoka pa ndalama zimene mwakhetsera thukuta chaka chonse.

Tinenenso zoona kuti si galu aliyense amene amatha ntchito ya kubusa. Ngati mwamuphunzitsa miyezi ingapo koma akugwirabe ziweto pakhosi kapena pamimba, mchotseni ku ziweto. Angathe kukhala mlonda wabwino wa pakhomo, bola azikhala mumpanda ndipo muziyenda naye pa chingwe.

KUMBUKIRANI

Katemera wa chiwewe akhale woyamba. Phunzitsani "bwera", "gona", "leka" ndi "basi" musanapite naye kubusa. Mpatseni malo opumira ndi nthawi yogona. Musamulole kuthamangitsa chinthu chilichonse payekha. Yambani ntchito ya ziweto m'chilimwe, pa chingwe, ndi ziweto zofatsa.

Ng'ombe yapagoli siphunzira kukoka ngolo tsiku limodzi, ndipo palibe mlimi amene amaigulitsa chifukwa yakana goli sabata yoyamba. Chitani chimodzimodzi ndi galu wanu. Mukapirira naye kufikira zaka ziwiri, mudzakhala ndi mthandizi wobweza mbuzi m'malire a munda, wolowetsa ng'ombe m'khola madzulo, ndipo ana anu adzapeza mpata wopita kusukulu. Ngati muli ndi mafunso, onanani ndi mlangizi wa ziweto kapena wa zaulimi wa m'dera lanu.